Kaponya wathu wa pa holide, zolemba za madzulo aliwonse

Lolemba

Ndaganiza kuti ndizilemba madzulo aliwonse zomwe tachita tsikulo, chifukwa ndikadikira kuti ntchito ithe kaye ndiiwala zambiri, makamaka zomwe zakanika, chonsecho zokanikazo ndi zomwe kholo lina lofuna kupanga ndi ana ake lingafune kumva. Sukulu atsekera ndipo pakhomo pathu kuno ku Chinamwali pali ana anayi. Awiri ndi anga, wamkulu ali Sitandade 6 ndipo mzime ali ndi zaka 5, wachitatu ndi mtsikana wa achemwali anga wabwera kuchokera ku Balaka kudzakhala nafe holide ino, ameneyu ali Sitandade 4, ndiye wachinayi ndi mnyamata wa aneba amene kwawo amangokagona koma tsiku lonse amatandala kwathu. Ine ndatenga masiku opuma kuntchito.

Chomwe chayambitsa zonsezi ndi legeni. Loweruka ndinapeza anyamata awiriwa kuseri kwa bafa akulasa mpheta, mtsikana ali pambuyo pawo timiyala tili thoo m'manja, nditamufunsa kuti iwe bwanji sukulasa nawo anangoti, "akuti legeni si ya atsikana ankolo, ine ndikungowatolera miyala." Zinandikhudza kwambiri. Ine legeni sindingainyoze, ndinakula nayo, ndimadziwa kusankha mphanda ya gwafa yolingana mbali zonse, kuiwamba pamoto kuti ilimbe, kudula lilime la nsapato yakutha kuti likhale kachikopa koikapo mwala. Koma kumudzi kuja mwala ukaphonya mbalame umakagwera m'munda, kuno ukaphonya ukagwera pa windo la munthu kapena m'diso la mwana wa eni, nyumba zake n'zothithikana. Ndiye ndawauza kuti legeni tiisunge kaye, tipange china chomwe tonse tigwirepo, chokhala pansi, cha mkono umodzi ngati chipande, choti ukachikokera kumbuyo nkuchisiya chimaponya chokha. Pachingerezi mawu akuti catapult amatchulira zonse ziwiri, legeni ndi chimenechi, koma pa Chichewa ndinasowa dzina, mzime ndi amene wati "kaponya" ndipo dzina lakhala lomwelo basi.

Pa zipangizo ndaika lamulo limodzi, palibe chogula. Ana anamwazikana ndipo abwera ndi nsungwi yotsala pomanga mpanda, zitsekerero za mabotolo, timphira tomwe mayi awo amamangira ndalama za geni, waya wa galimoto yamawaya yomwe inasweka kale, ndi nandolo wouma pang'ono wopempha kukhitchini. Mpeni ndagwira ndine ndekha, ndang'amba nsungwi timitengo tophwatalala totalika ngati cholembera, ana ntchito yawo inali kutikhula panjerwa kuchotsa zisonga chifukwa nsungwi yong'amba kumene imacheka ngati lezala. Timitengo tisanu tasanjikiza nkumanga ndi mphira mbali zonse ziwiri, tina tiwiri tamanga mbali imodzi yokha kuti tizitseguka ngati kamwa la ng'ona, ndiye mtolo wa tisanu uja taulowetsa pakati pake mopingasa. Guluu tilibe, chitsekerero ndachiboola ndi msomali nkuchimangirira ndi waya kunsonga ya kamtengo ka pamwamba. Ukadina ndi chala nkusiya, nandolo amadumpha. Wapita pafupi, mwina mita imodzi ndi theka, koma mzime wakuwa ngati wachinya chigoli.

Lachiwiri

M'mawa wonse watha ndi mkangano wa kayezedwe. Anyamata amayeza ndi mapazi awo, wamkulu akuti wanga wapita mapazi 7, wa aneba akuti wanga 9, ndipo amati apambane ndi wa 9 mpaka mtsikana anawayimitsa nkunena kuti phazi la uyu ndi lalifupi kuposa la uyo ndiye 9 wakeyo si 9 weniweni. Ine ndinali pakhonde ndipo sindinalowererepo dala, ndimafuna ndione athana nazo bwanji. Atha okha. Abwereka tepi yosokera ya mayi awo, ija ya masentimita 150, nkutenga chingwe cha khonje nkumanga mfundo pa mita iliyonse mpaka mamita 10, ndiye chingwecho amachiyala pabwalo kuyambira pomwe pali kaponya. Ndawapatsa kope lakale lomwe linali ndi masamba otsala kumbuyo, mlembi ndi mtsikana poti zolemba zake n'zowoneka bwino, ndipo ndawonjezera mfundo imodzi yokha, kuti chilichonse chomwe tasintha tiziponya kasanu nkulemba zonse zisanu, osalemba yokhayo yomwe yapita patali. Mnyamata wanga sanazikonde zimenezi, akuti zikuchedwetsa, koma kuponya kumodzi kumanamiza, makamaka mwezi uno wa Ogasiti mphepo yake yangoti kuno yangoti uko.

Masana tayamba kaponya wina wamkulu, chifukwa wa dzulo uja mphamvu yake ili mu kupindika kwa kansungwi basi ndipo palibe pomwe ungamuwonjezere. Ndapeza thabwa la shelefu yakale lotalika ngati mkono wanga kuyambira pachigongono, timatabwa tiwiri takhomera choimirira mbali ndi mbali ngati zipilala, mkono woponyera ndi nsungwi ya masentimita 40. Mkonowo uyenera kuzungulira pa kachitsulo, ndiye ndatuma anyamata kwa bambo wokonza njinga pamsewu kuti akapemphe sipoko yothyoka ndi chubu chakutha, awapatsa ulele ndipo akuti anafunsa kuti mukupanga chani, tikatha tikamuonetse.

Choboolera matabwa ndilibe. Ndachita momwe tinkachitira kale, msomali wa mainchesi 4 kuuika pa mbaula mpaka ufiire, kuugwira ndi pulaya nkuudinikiza pathabwa, utsi woyera umatuluka ndi fungo lija lokhala ngati chimanga chopserera, msomali ukazizira umabwezeranso pamakala, bowo limodzi maulendo atatu kapena anayi. Ana anazungulira koma ndinajambula mzere ndi khala pansi kuti asadutse. Nsungwi ndi imene imafuna msomali wotentha kwambiri, ukangoti uikhome wozizira imang'ambika mpaka kumapeto, ndawononga imodzi choncho ndisanakumbuke. Bowo la mkono tiliboole pafupi ndi mfundo ya nsungwi, pamenepo mpolimba.

Dzuwa limalowa tisanamange mphira.

Lachitatu

Sitinachite zambiri, kunali maliro chakumtunda kuno ndipo ine ndi mayi awo tatandala komweko. Ndinawasiyira ana ntchito yodula chubu ndi sizasi timalamba totambalala ngati chala, ndabwera ndapeza adula, tina tokhota tina tolumalumidwa m'mbali, ndawaonetsa kuti pomwe sizasi yaluma mpomwe mphira idzadukire ndipo tasankha tabwino tisanu ndi kamodzi, totsalato tasungira kumangira.

Lachinayi

Lero ndiye tsiku lomwe ndimafuna ndilembe bwinobwino. Tamanga mphira kuchokera pakati pa mkono kukafika pa msomali womwe takhoma kutsogolo kwa thabwa, kunsonga ya mkono tamangirira chitsekerero chachikulu cha chigubu cha mafuta ophikira kuti chikhale ngati kambale, ndiye pakati pa zipilala ziwiri zija tapingasa kamtengo koti mkono ukamabwera uzigunda pamenepo nkuima. Choponya tadula chitsononkho tizidutswa tating'ono. Mnyamata wanga wakoka, wasiya, chitsononkho chapita m'mwamba molunjika nkutsika nkugwera pambali pa kaponya yemweyo. Kasanu konse chimodzimodzi, mtsikana walemba mamita osakwana ndi imodzi yomwe.

Anyamata nthawi yomweyo akuti mphira yachepa mphamvu, tiwonjezere. Ndawalola. Aika malamba awiri, chapita m'mwamba kwambiri kuposa denga la khitchini nkugweranso pafupi pomwepo. Aika atatu, mkono kukoka kwake kovuta, ndipo pogunda kamtengo kaja kumbuyo kwa thabwa kumadumpha ngati bulu akuponya mateche. Apa nkuti mtsikana atasiya kulemba, wagona chafufumimba pafumbi pambali pa kaponya akuyang'anitsitsa, kenaka akuti, "ankolo, mkonowu ukuima msanga, ukuima usanadzuke, ndiye kambaleka kakuyang'anabe kumwamba." Anyamata amati amutsutse koma ndawauza kuti tayesani zomwe wanena. Tazula kamtengo kopingasa kaja nkukasunthira kutsogolo kuti mkono uziima utaimirira chilili. Ulendo uno chitsononkho chachoka mwaliwiro koma chotsika, chakagunda pansi pa mamita 3 nkugubuduka. Ndiye iye yemweyo akuti ndiye kuti pabwino pali pakatikati.

Mtima wanga unadzadza, chifukwa zomwe wanenazo ndi zenizeni ndipo palibe anamuuza. Chinthu chimachoka mukambale molunjika komwe kambaleko kakuyang'ana pa nthawi yomwe mkono waima. Mkono ukaima uli chogona, kambale kakuyang'ana kumwamba, mphamvu yonse ithera kukwera. Ukaima chilili, kambale kakuyang'ana kutsogolo, chinthu sichikhala ndi nthawi m'malere, chigwa msanga. Kuti chipite patali chimafunika zonse ziwiri, kukwera ndi kupita kutsogolo molingana, ndiko kuti chichoke chopendekera pa madigiri 45, ndipo Galileo wa ku Italy analemba zimenezi ndi masamu ake mu 1638. Ndawauza ana dzina limeneli osati kuti aloweze, koma kuti mtsikanayu adziwe kuti chomwe waona atagona pafumbi anthu akuluakulu anachisinkhasinkha zaka zambiri.

Kupeza madigiri 45 opanda choyezera nkosavuta, tenga pepala, ngodya yake ndi madigiri 90, ipinde pakati m'mbali zikumane, basi. Pepala lopindalo taliimika pathabwa nkujambula mzere pa chipilala, ndiye ndabowola mabowo anayi motsatizana mozungulira mzerewo kuti kamtengo kopingasa tizikasuntha osazula misomali. Tabwerera ku lamba mmodzi wa mphira, njerwa tasanjika kumbuyo kwa thabwa kuti lisadumphe. Bowo loyamba mamita 3 ndi theka, lachiwiri lomwe lili pa mzere weniweni mamita 5, lachitatu pomwe mkono umadzuka mopitirira pang'ono mamita 5 ndi theka mpaka 6, lachinayi wabwereranso ku 4. Mnyamata wanga wafunsa kuti nanga bwanji lapambana ndi lachitatu osati la Galileo, funso labwino kwabasi, ndamuuza momwe ndikuonera ine, kuti mkono ukayenda kamtunda kowonjezera mphira imakhala ndi mpata woukokabe ndiye liwiro limakula, komanso masamu a madigiri 45 aja amawerengera ngati kulibe mpweya wotchinga, pomwe chitsononkho chopepukachi mpweya umachibweza. Walemba yekha m'kope kuti "bowo 3".

Lachisanu

Lero zinthu zinalakwika ndipo ndilemba momwe zinakhalira. Ndinapita kumsika ku Zomba m'mawa, kaponya ndinamusiya pakhonde osanena kanthu. Anyamata awiri aja anamutulutsa, nkubwezera malamba atatu a mphira, nkuika mwala. Mwalawo unadutsa mpanda, unagunda malata a nyumba ya kuseri kwathu nkugubuduka kugwera pomwe mayi a pamenepo amatsukira mbale, mwana wawo wakhanda ali pamphasa chapafupi pomwepo. Sunamugunde munthu, Mulungu anatichitira chifundo, koma nditafika ndinapeza mayi awo a ana anga ataima pampanda akupepesa ndipo mayi enawo akunjenjemera ndi mkwiyo, ndipo anali ndi chifukwa chokwiyira.

Ndinawatenga anyamata onse awiri nkuzungulira kukalowera kukhomo kwawo, osati kuyankhulira pampanda. Tinakhala pansi, ndinati mayi pepani, cholakwa choyamba ndi changa chifukwa chida ndinapanga ndine ndipo ndinachisiya poyera, kenaka anyamata aliyense anapepesa ndi pakamwa pake. Mayiwo anati, "abambo, ine za masewera a ana sindiletsa, koma diso la mwana silimeranso." Mawu amenewo ndawauza ana kuti awalembe pachikuto cha kope.

Sindinawamenye ndipo kaponya sindinamuphwanye, ngakhale mayi awo poyamba amati tingomusonkhezera pamoto. Tagwirizana izi. Sipoko ija yomwe mkono umazungulirapo ndaiwongola kunsonga kuti izisololoka, ndiye tikamaliza kusewera ndimaisolola nkuiika m'thumba mwanga, popanda iyo kaponya ndi thabwa ndi nsungwi chabe. Mwala, msomali, batire, chilichonse cholimba ayi. Tiziponyera chakumunda kwa masamba komwe kulibe nyumba, wokoka azikhala pambali osaweramira pamwamba pa mkono, ndipo kutsogolo kusapezeke munthu ngakhale wotolera, azidikira mpaka zisanu zonse zithe. Anyamata awiriwa mawa sakoka nawo, ntchito yawo ikhala yotolera ndi kuyeza, akoka ndi mtsikana ndi mzime.

Usiku mnyamata wanga anabwera yekha ndili pakhonde nkundifunsa kuti adadi mwala uja ukanamugunda mwana zikanatha bwanji. Ndinamuyankha zoona zake osachepetsa. Anakhala chete nthawi yaitali ndithu.

Loweruka

Poti mwala taletsa, lero tinafufuza choponya chabwino chomwe sichingapweteke munthu. Pepala lokwinya lopanda kanthu mkati silipita kutali, limachoka mwaukali koma pa mamita awiri limangokhala ngati lagunda khoma losaoneka nkugwa. Chitsononkho chimapita koma chimazungulira mwachisawawa poti sichobulungira. Chomwe chapambana ndi kampira kamajumbo kakang'ono ngati ndimu, komanga ngati mpira wachikulunga uja koma mkati mwake taikamo kansalu kokulunga mchenga wodzadza supuni yaing'ono imodzi, kunja nkofewa koma kali ndi kulemera pang'ono koti mpweya usakabweze, kameneka kafika mamita 7 ndipo kasanu konse kamagwera malo oyandikana. Titaonjezera mchenga masupuni atatu kabwerera ku mamita 4 chifukwa mkono umadzuka mwaulesi. Ndiye chopepuka kwambiri ayi, cholemera kwambiri ayi, ndipo ana aziona okha m'manambala a m'kope popanda ine kulalikira.

Taika beseni pa mamita 6 kuti tizilasa. Mzime ndi amene walowetsa koyamba, mwina mwamwayi, koma wakhala akuuza aliyense wodutsa pamsewu.

Chakumasana lamba wa mphira anaduka ali mkati mokokedwa nkumukwapula mtsikana pa dzanja, pangotupa pang'ono, koma zandikumbutsa kuti ndizimuyang'ana lamba aliyense tisanayambe, ukamukoka pang'ono pa dzuwa timing'alu timaonekera. Pamenepa ndinawafotokozera chinthu chomwe ine ndinachizindikira kalekale ndi legeni, kuti machubu akuda a masiku ano satamuka ngati ofiira aja tinkawasakasaka tili ana. Ofiira aja anali a mphira yochokera ku mtengo, akudawa ambiri ndi a mphira yopanga ku fakitale yomwe amaitcha butyl, imasunga mpweya bwino mu tayala koma ukaikoka imabwerera mwaulesi. Ana samadziwa kuti mphira imachokera ku mtengo, ndiye ndawauza za ku Vizara ku Nkhata Bay komwe mitengo yake ili m'mizere mbali zonse za msewu, makungwa ochekedwa mozungulira ndi tizikho tolandirira utomoni woyera ngati mkaka, ndi anyamata ogulitsa mipira yamphira m'mbali mwa msewu. Ndawachititsanso kamayeso kena komwe ndimakakonda, tenga kamphira komangira ndalama, kakoke mwamsanga nkukagunditsa pa mlomo wapamwamba, umamva kutentha, ukakabweza nkukagunditsanso umamva kuzizira. Onse anayi anakhala akuchita zimenezo mpaka nsima inapsa.

Wa aneba anafunsa kuti nanga Davide anapha Goliati ndi legeni ya chubu cha njinga? Ayi ndithu, nthawi imeneyo kunalibe mphira yotere, chake chinali choponyera cha zingwe ziwiri ndi kachikopa pakati chomwe umazunguza nkusiya chingwe chimodzi. Mphira yolimba yosanyeta ndi kutentha inayamba ndi Charles Goodyear amene anapeza njira yake mu 1839, ndipo tayala lopopa la njinga ndi la John Dunlop mu 1888, ndiye legeni yomwe ife timaiona ngati ya makolo ndi yatsopano kwambiri poyerekeza ndi uta kapena choponyera cha Davide chija. Ineyo ndinadabwa nditazimva koyamba.

Lamulungu

Kutchalitchi, kenaka alendo. Kaponya sanatuluke, sipoko ili m'thumba la jekete. Koma madzulo ndapeza mtsikana akujambula m'kope kaponya wina wopanda mphira, akuti poti mphira imaduka, kodi palibe njira ina yodzutsira mkono?

Lolemba

Njira ilipo ndipo ndi yakale kuposa mphira. Ndinawakhazika pansi nkuwauza pang'ono mbiri yake, kuti zida zoponyera zinayambira ku nkhondo, ku Syracuse pa chilumba cha Sicily mfumu Dionysius inasonkhanitsa amisiri mu 399 Yesu asanabadwe ndipo zoyambazo zinali ngati uta waukulu, ku China ankagwiritsa ntchito mtengo wautali womwe anthu ambiri amakoka zingwe mbali imodzi nthawi imodzi, kenaka patapita zaka mazana ambiri anthu anaona kuti m'malo mwa okoka zingwe ungopachika bokosi lolemera la miyala ndi dothi, ukalisiya ligwe mbali inayo imadzuka mwaliwiro. Chimenechi amachitcha trebuchet. Mfumu Edward I ya ku England inamangitsa china chachikulu zedi chotchedwa Warwolf pozinga linga la Stirling ku Scotland mu 1304, ndipo a mkati mwa lingalo atafuna kugonja mfumuyo inakana mpaka itachiyesa kaye. Anyamata anasangalala nayo nkhaniyi koma ine ndinawauza kuti kumeneko ndi kuuma mtima, anthu akupempha mtendere iwe nkumafuna kuona chida chako chikugumula, ndipo pambuyo pa za Lachisanu zija ndikukhulupirira kuti anamva chomwe ndimatanthauza.

Ndiye tayamba kaponya wachitatu. Ameneyu amafuna zipilala zazitali kuti cholemera chikhale ndi mpata wogwa, tagwiritsa ntchito miyendo iwiri ya kampando kothyoka. Mkono ndi nsungwi ya masentimita 75, bowo la sipoko taliboola pa masentimita 15 kuchokera kumapeto, ndiye mbali yaifupi 15 yaitali 60, kuti mbali yaifupi ikatsika pang'ono nsonga ya yaitaliyo iyende kanayi kuposa pamenepo mu nthawi yomweyo. Ndawaonetsa ndi katungwe wa thabwa pa njerwa, mzime kukhala kutali ine kukhala pafupi ndi pakati, wandinyamula, ndiye anamvetsa msanga. Cholemera ndi chitini cha mkaka wa ufa chodzadza mchenga, tachiboola m'mbali nkuchipachika ndi waya kuti chizilendewera.

Zotsatira zake sizinasangalatse, mamita awiri basi, mkono umadzuka ngati munthu wodwala msana. Chitini chimagundanso pathabwa mkono usanafike pomwe tikufuna. Tafupikitsa waya, zasintha pang'ono. Mchenga tauthira madzi kuti ulemere, mamita awiri ndi theka. Mdima unatipeza tili pomwepo.

Lachiwiri

Achemwali aimba foni usiku kuti mtsikana abwerere Lachinayi osati kumapeto kwa mwezi, agogo ake a kuchimuna sakupeza bwino ndipo akufuna ana onse akhale pafupi. Nditamuuza m'mawa anangoti chabwino ankolo, kenaka anafunsa ngati titha kumaliza wachitini asanapite.

Tagwira tsiku lonse. Vuto lalikulu taliona kuti ndi mkono weniweniwo, nsungwi yake ndi yonenepa mpaka kunsonga ndiye chitini chikuvutika kunyamula nsungwi m'malo monyamula kampira. Ndaisema mbali yaitali kuti izipita ikuonda, chitsekerero chachikulu chija tachotsa taika chaching'ono cha botolo. M'chitini tachotsa mchenga wina nkuikamo zitsulo zakutha, manati ndi mabawuti omwe bambo wokonza njinga uja watipatsa titapita kukamuonetsa kaponya wachiwiri monga tinalonjezera, ndipo iye waponya katatu yekha makasitomala akudikira. Pa sipoko tapaka kandulo kuti mkono uzizungulira mosakhula. Tafika mamita 4, kasanu konse pafupifupi malo amodzi, ndipo chimenechi ndi chomwe wachitini akumuposa wamphira, mphira imasintha malinga ndi momwe wakokera komanso ikatopa, pomwe chitini kulemera kwake nkomweko nthawi zonse.

Chomwe chatsala ndi kathumba ka zingwe kunsonga ya mkono m'malo mwa chitsekerero, kofanana ndi choponyera cha Davide chija, chingwe chimodzi chomangirira china chongokoleka pa kamsomali kopanda mutu kuti chizivuka chokha mkono ukafika pamwamba, kameneka kamatalikitsa mkono popanda kuulemeretsa. Tayesa ndi kansalu ka thumba la buluku lakutha, maulendo awiri kampira kapita chakumbuyo, kamodzi kamenya pansi kutsogolo, ndiye ndawachotsa ana onse kumbuyo komwe, wachitiniyu aliyense aziima m'mbali basi. Zikuoneka kuti nkhani ili pa kupinda kwa kamsomaliko, kakaweramira kutsogolo kwambiri chingwe chimachedwa kuvuka, kakawongoka chimavuka msanga. Mtsikana wati ndi chimodzimodzi mabowo anayi aja, tizipinda pang'onopang'ono nkumalemba.

Lachitatu

Tapinda kamsomali maulendo asanu ndi awiri, mtsikana akujambula m'kope momwe kapindikira ulendo uliwonse poti manambala ake sitingathe kuyeza. Ulendo wachisanu kampira kapita mamita 8, kupitirira wamphira uja, kachisanu ndi chimodzi tinapinda mopyola kanamenya pansi, ndiye tabwezera pomwe panali pachisanu ndipo ndaletsa aliyense kukhudzanso kamsomaliko. Mnyamata wanga ndi amene wayeza ndi chingwe cha mfundo, nkukuwa yekha kuti 8, ndipo popereka kampira kuti aponyenso anapatsa msuweni wakeyo osayamba walimbirana.

Madzulo tagawana katundu. Kaponya wachitini ngwamkulu, sangakwere minibasi, atsala kuno ndipo anyamata apitiriza naye ine ndikakhalapo. Wamphira tamumasula, mkono ndi kamtengo kopingasa tamanga pamodzi ndi thabwa lake nkuika mu jumbo ndi malamba awiri osaduka, apita ku Balaka. Kope anyamata amalifuna koma wamkulu wakopera manambala ake pa pepala lina, lenilenilo latengedwa ndi mwini zolemba. Sipoko ya wamphira sindinampatse mwana, ndaikulunga m'pepala ndipo ndikapereka m'manja mwa achemwali mawa pa depoti ndikawafotokozere chifukwa chake.